Asopo ndi Kachubu Kachitatu

Kufakitale ya zakumwa ankawatcha Asopo. Poyamba chinali chipongwe ndithu koma dzina likakukhala lakukhala basi, mpaka iwo eni anayamba kuvomera. Zaka zisanu ndi chimodzi akuima pa lamba wa mabotolo, botolo likatuluka mmakina otsukira iwo kulinyamula, kuliunika pa getsi, kulinunkhiza, likakhala ndi kadontho kaya kathovu kulibweza. Anzawo ankabweza mwina khumi pa shifiti. Asopo kireti yathunthu. Chaka chawo choyamba anaona mtsikana wina akuchotsedwa ntchito chifukwa botolo lotsalira mankhwala otsukira linamudutsa mmanja, linakapezeka kutsogolo atalithira kale chakumwa. Chiyambire tsiku limenelo mmutu mwawo munakhazikika lamulo limodzi, loti chinthu chopita pakamwa pa munthu chizilira kuti tswii ukachikhula ndi chala.

Nde munthu ameneyu ndi amene anabereka mwana, tangoganizani.

Mwanayo bambo ake anamutcha Kapitawo, ati poti amaitanira anthu kuntchito maola awiri aliwonse osayang'ana kuti lero nLamlungu. Bambo akewo amapenta nyumba za anthu, nde aliyense amangoti Apenta. Munthu woti ngakhale asambe bwanji mumupezabe ndi kadontho koyera kukhutu.

Pofika sabata yachitatu Asopo anali atatheratu. Nsonga za mabere onse awiri zinali zitang'ambika, lakumanzere ndiye linali ndi mng'alu ngati wa kuchidendene nthawi yozizira. Bula ankamatirira pachilonda, kuti avule ankayamba anyowetsa kaye ndi madzi nkumamatula pang'onopang'ono mano ali kukutu. Thawulo likangokhudza, misozi. Mphepo ya pawindo ikangodutsa, misozi. Tulo ndiye osanena, ankagona zidutswazidutswa ngati chenje. Tsiku lina anaika foni mufiliji nkuyenda ndi anyezi mthumba mpaka masana.

Mankhwala opaka anali nawo, osati analibe ayi. Kachubu koyamba anawapatsa kuchipatala, kachiwiri Apenta anakatenga kufamase ataona kuti koyamba sikakuthandiza. Vuto linayambira pa kapepala kaja amakapinda kakhumi nkukaika mkabokosi. Apenta anakatambasula nkuyamba kuwerenga mokweza ndi mawu a pawailesi pofuna kuwaseketsa akazi awo, nde anafika pena pakuti mankhwalawa ndi opaka pakhungu pokha, osameza. Iwo anapitiriza kuwerenga zina. Asopo anatsalira pomwepo. Osameza. Nanga chinthu ukupaka pamalo pomwe mwana amaika kamwa, osameza ameneyo akhala bwanji?

Nde anapeza njira yawo, ndipo sanauze munthu poti kwa iwo sinali nkhani, inali ntchito wamba. Kapitawo akamaliza kuyamwa ankapaka mankhwala ochuluka, mbuu ngati akutseka bowo pakhoma, kuti agwire ntchito msanga. Kapitawo akangoyamba kutakataka iwo liwiro kubafa. Madzi otentha, sopo wochapira zovala uja wouma, kathawulo kokhakhala, kukhula. Kutsukuluza katatu. Kununkhiza. Pakamveka kafungo, kuyambiranso. Kathawuloko kankatuluka ndi timadontho ta magazi koma iwo ankangoti bola payera.

Nthawi yonseyo Kapitawo ali kuchipinda akung'amba denga. Pomwe amayi ake azifika amakhala atafiira ngati tomato, manja akuponya uku ndi uku, nde sankadikiranso zoyasamula bwino, ankangokwapula kansonga kokhako nkukapana ndi nkhama. Asopo zala za kumapazi zinkapindika zokha. Ankayang'ana kalendala ya pakhoma nkumawerenga masiku a mwezi chobwerera mmbuyo mpaka mwana amalize, ndipo nthawi zambiri ankamuchotsa asanakhute poti mtima unkachita ngati uima.

Kusikelo mzere wa pakhadi unagona mmalo mokwera. Anesi anati abwerenso Lolemba linalo, ukakagonabe akambirana zomuwonjezera mwana mkaka wina.

Alamu awo, achemwali a Apenta, anamva nkhaniyo ali kusaluni kwawo nde madzulo ake anatulukira ndi chitini cha mkaka ndi botolo la mwana latsopano, zala zikununkha mankhwala a tsitsi. Anaika pamwamba pa filiji. Sanabwere ndi nkhondo ayi. Anati wawo wachiwiri anakulira chitini chomwechi ndipo pano amanyamula matumba a simenti awiriawiri, palibe amene amamufunsa kuti unayamwa chani.

"Alamu, si mpikisano uwu," anatero akuwasisita kumsana. "Mendulo kulibe. Taonani mmene mwatheramu, maso alowa ngati mwabwereka."

Asopo anathokoza. Chitini chinakhala pa filiji chikuwayang'ana. Iwo ankafunitsitsa kuyamwitsa, sakanatha kufotokoza bwino chifukwa chake, ankangodziwa kuti miyezi iwiri ikatha abwerera ku lamba kuja ndipo mwana azikhala mmanja mwa ena tsiku lonse. Ichi chokha nchomwe chinali chawo awiri.

Tsiku lotsatira, cha mma leveni dzuwa lili phwee, Kapitawo anadzuka nkulira. Asopo anapita kubafa monga mwa nthawi zonse, anatsegula mpopi, anatenga sopo. Kenako sanachite kanthu. Anangokankha chitseko ndi msana nkuima pamenepo, madzi akutayika, anawatsegulanso kwambiri kuti asamamve. Anayamba kuwerenga matailosi. Atafika pa makumi atatu ndi pomwe anazindikira kuti akubisala. Akubisalira mwana wa masabata atatu, wolemera ngati paketi zitatu za shuga. Ankamuopa. Akamva kakulira kake thupi lonse linkati thawa, ndipo chimenechi chinawawa kuposa mng'alu uja.

Apenta ankapenta geti msewu wachiwiri, nde anabwera kudzatenga bulashi yaing'ono. Anapeza mwana ali yekha akulira, mpopi ukulira, akazi awo ali tsonga pakhoma la bafa ndi sopo mmanja. Sanafunse zambiri. Anasamba mmanja, ananyamula mwana, anatseka mpopi ndi chigongono nkunena kuti zodikira Lolemba zatha, mawa mmawa apite kuchipatala. Asopo anati eya, akapemphe mankhwala amphamvu, awiriwa ngabodza.

Mmawa mwake anakhala pa benchi maola awiri, chikwama chachikulu chili pamiyendo, mutu ukugwera paphewa la mayi wina wosamudziwa yemwe nayenso ankaodzera. Anesi ake anali omwe aja a kusikelo, kamayi kakafupi ka nsapato zazikulu, bolopeni atabaya mtsitsi, nkhope yosonyeza kuti tiyi wawo wazizira kale penapake. Asopo anatulutsa timachubu tiwiri tija nkuyika patebulo. Tonse tinali titafinyidwa mpaka kupindidwa kumchira.

Anesi anatinyamula, kutitembenuza, nkufunsa kuti anayamba liti. Atamva kuti sabata imodzi ndi theka anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, mukupaka kapena mukudyera buledi? Kamodzi aka kamatha mwezi."

Anawavula kuti aone. Zilonda za kuyamwitsa amaziona tsiku ndi tsiku, koma apa khungu lonse lozungulira linali louma, losupuka, lotuwa ngati manja a munthu wochapa zovala za anthu. Anafunsa ngati amapaka china, kaya mafuta onunkhira, kaya spiriti. Asopo anati ayi, iwo ndi munthu waukhondo. Anesi anayang'ana mkamwa mwa mwana ngati muli zoyerayera, munalibe. Anakanda mmutu ndi bolopeni ija.

Kutsegulidwa kukamwa kuja Kapitawo kunamukwiyitsa, nde anayamba. Ndipo Asopo osaganiza nkomwe, manja okha, anamugoneka pa bedi la chipatala nkutsegula chikwama. Munatuluka fulasiki. Munatuluka kabeseni. Munatuluka sopo mkabokosi kake, kenako kathawulo kopinda bwinobwino kanayi kkkk. Anathira madzi utsi uli tolo, anapaka sopo mpaka thovu, anakweza dzanja.

Anesi anawagwira pamkono.

"Mukutani?"

"Ndikuchotsa mankhwala. Ayamwe."

"Ndi chimenecho?"

"Chinzake chili pachingwe, sichinaume."

Anesi anakoka mpando nkukhala pansi pang'onopang'ono. Anafunsa kuti zimenezi amachita kangati patsiku. Asopo anati nthawi iliyonse mwana akafuna kuyamwa, kaya kakhumi, kaya kuposa. Anafunsa kuti amagwira ntchito yanji. Atamva za mabotolo anavula magalasi, anatseka kumaso ndi dzanja, mapewa akugwedezeka, sizinadziwike ngati akuseka kapena akupemphera.

"Mayi anga inu. Limeneli si botolo."

Asopo zinawapsetsa mtima pang'ono. Anati papepala analemba okha kuti osameza, iwo sangamwetse mwana wawo mankhwala, anaonapo zimene zimachitika chinthu chikadutsa chosatsuka. Anesi anasiya kuseka. Anawauza kuti mantha awowo ngabwino koma apita nawo patali. Nkhanambo imene imabwera pachilonda ndi thupi likudzisoka lokha, nde iwo kakhumi patsiku amasomola ulusi. Sopo ndi madzi otentha zimachotsanso timafuta tomwe khungu la pamenepo limapanga lokha, nchifukwa chake lauma chonchi. Anati mankhwala aja amapaka pang'ono zedi, kakang'ono kuposa njere ya mpunga, pangowala basi osati payere, ndipo amapaka mwana akangomaliza kuti pofika nthawi ina akhale atalowa. Pakaoneka kuti patsalira, thonje loviika mmadzi wamba, kukhudza kamodzi, osakhula. Posamba madzi okha.

"Kamodzi," anabwereza. "Osati kamodzi ka kufakitale. Kamodzi ka anthu."

Anachita okha ndi thonje kuti awaonetse, kenako ananyamula Kapitawo nkumuyendetsa pang'ono kuti mtima ukhale pansi. Anati mwana amene walira mpaka kufiira sagwira bere bwino, amangoluma poyandikira, nde asamadikire kulira, akangoona kuti akutembenuza mutu nkumanyambita timanja imeneyo ndiye belu. Anawakhazika Asopo bwino, mimba ya mwana kuyang'ana mimba yawo, nsonga kuigunditsa pamphuno pake. Ati dikirani ayasamule ngati akufuna kumeza lalanje. Kapitawo anayasamula. Anesi anamukankhira ndi mapewa msangamsanga, chibwano chinakanikiza bere, pakuda ponse pozungulira nsonga panalowa mkamwa.

Zinawawa. Asopo anayang'ana khoma kufuna kalendala. Koma atawerenga kufika khumi ululu unayamba kutsika, kunatsala kukoka kwa mkati, kolemera, osati kuluma kuja. Anamva mwana akumeza, gudyu, gudyu, phokoso lomwe anali asanalimvepo bwinobwino. Maso analemera, mutu unapita mmbuyo nkugunda chipupa. Anesi anawasiya choncho mphindi zingapo akulemba zawo.

Potuluka anawapatsa kachubu kachitatu, ati mng'alu wakumanzere wayamba kuchita chikasu nde ukufunika mankhwala opha tizilombo, apake masiku ochepa okha omwe awalembera pakhadi. Bere likafiira nkutentha kapena thupi likatentha abwere tsiku lomwelo osadikira. Asopo akulongedza fulasiki anatambasula dzanja kuti atenge sopo. Anesi anali atamuika kale pa sinki yawo.

"Ameneyu wagonekedwa. Mudzamuona tsiku lotuluka."

Apenta atamva nkhani yonse madzulo anayesetsa ndithu kuti asaseke, anagwira pakamwa, anayang'ana kudenga, koma zinakanika. Anakhala pa ndowa ya penti misozi ikutuluka.

"Ndiye kuti amake mwana, mumapaka penti, asanaume mwabwera ndi sandipepa, kenako nkumati penti ngwabodza?"

Thewera linawapeza kumaso, mwamwayi linali lochapa. Asopo anawakumbutsa kuti amene anawerenga kapepala ndi mawu a pawailesi ndi ndani. Apenta anavomera mlandu. Anazungulira nyumba yonse kutolera sopo, anapeza anayi, wina anali kuseri kwa galasi, onse anawaponya mchikwama cha mabulashi kusiya kamodzi ka mmanja pa sinki. Kenako anadula tepi yawo ya kuntchito, analembapo ndi chala choviika mu penti nkumata pachitseko cha bafa. PENTI SANAUME. OSAKHUDZA.

Kuseka kunali kosavuta. Mawa lake Apenta atapita ku geti lawo, nyumba ili zii, Kapitawo anayamba kutembenuza mutu nkunyambita kadzanja. Belu ija. Asopo anatenga thonje, anaviika, anakhudza kamodzi. Dzanja linafuna kubwereranso, analibweza. Kenako anachita chomwe anesi sanawaletse poti sankachidziwa, anawerama nkununkhiza.

Kafungo kanalipo. Kakang'ono zedi, koma mphuno ya Asopo ndi imene inkabweza kireti yathunthu. Kufakitale botolo lotere silikanadutsa. Mmaganizo anaona nkhope ya mtsikana wa kufakitale uja akuvula magolovesi pageti. Anaima pakati pa khonde la mnyumba, bafa kumanja, chipinda kumanzere, ndipo mmalo mosankha anapita kukhitchini nkutsitsa chitini pa filiji.

Chinali choyera bwino, chomata, cholembedwa miyezo yake. Ndipo botolo, aa, botolo ndiye ankalidziwa. Akanatha kuliwiritsa, kuliunika, kulinunkhiza, kulikhula mpaka tswii popanda wina kutuluka magazi. Palibe akanawanena, alamu awo ananena zoona. Chala chachikulu chinalowa pansi pa chivindikiro. Anali otopa moti anatsamira filiji, chipumi pachitseko chake chozizira, nkutseka maso.

Kuchipinda kunamveka kakuti ee, ee. Sikunali kulira, kunali kuitana chabe, kufunsa ngati kuli munthu. Masiku onsewa kamawu kameneka anali asanakamvetsere, poti kakamayamba iwo amakhala ali kale kubafa mpopi uli pwaa.

Anabweza chitini. Anapita ndi kafungo kawo komweko. Anamunyamula akadali wofewa, osafiira, anamugunditsa pamphuno, anadikira lalanje. Kufika khumi mano ali kukutu, kenako gudyu, gudyu.

Atamaliza anamugoneka nkukhala pambali pake ola lathunthu akumuyang'anitsitsa ngati botolo pa getsi, kudikira kuti mankhwala ayambe kumugwira. Anamuyang'ana milomo. Anamuyang'ana zikhadabo. Anaika khutu pachifuwa. Kapitawo anadzitambasula, anakwinya nkhope ngati akufuna kunena nkhani yofunika, nkutulutsa kamphepo kotalika ngati njinga yamoto kkkk, basi nkugona mkaka uli pakona pa mlomo. Asopo anafinya kachubu, kanjere ka mpunga, anapaka pangowala. Anagona pomwepo miyendo ili pansi, patapata kuphazi limodzi.

Sikuti zinapola mawa lake ayi. Lachisanu nkhanambo zinakhala, zakuda, zonyansa, zoyabwa, ndipo kuziona osazichotsa inali ntchito yolemetsa kuposa shifiti ya usana wonse. Ankakhalira manja. Kawiri anapezeka ali pachitseko cha bafa akuwerenga tepi ya Apenta ngati sakuidziwa. Kamodzi Kapitawo anagwira molakwika, anachita kulowetsa kachala pakona pa kamwa kuti asiye ayambirenso, onse awiri akulira. Loweruka bula anavuka osanyowetsa. Lamlungu lakumanja linasiya kuwawa, lakumanzere linkalasabe poyamba pokha.

Lolemba kusikelo chikwama chinali chopepuka, matewera ndi khadi basi. Anesi anamuika Kapitawo pa sikelo, anadikira muvi ukhazikike, anachotsa bolopeni mtsitsi nkuika kadontho. Kanali pamwamba pa kaja ka sabata yatha. Osati patali, koma pamwamba. Anati sizinafike pomwe akufuna, abwerenso sabata ya mawa, koma za mkaka wowonjezera aziike kaye pambali. Anayang'ana zilonda nkugwedeza mutu, ati kachubu kachitatu amalize masiku ake awiri otsalawo nkukasiya. Sopo uja anali pa sinki atatha theka.

Madzulo ake alamu anadutsa pochokera kusaluni kudzamva za sikelo. Anasangalala, anati ndiye chitini atenge akapatse mnzawo wina. Asopo anati chitini atenge koma botolo alisiye, miyezi iwiri si kutali, adzafunika kumafinyiramo wawo akabwerera kuntchito. Analitulutsa mkabokosi kuti aone kukula kwake, nde mwa chizolowezi analikwezera pawindo, diso limodzi atatsinzina.

"Alamu, botolo lanuli lili ndi kadontho pansi."

"Ndi latsopano ilo, silinatsegulidwe nkomwe."

"Kalipo. Taonani apa."

Anatsegula mpopi wa kukhitchini, anatenga kabulashi, alamu akuwaseka kuti matenda awa ndiye alibe kachubu. Madzi asanayambe nkutentha komwe kuchipinda kunamveka ee, ee. Asopo anatseka mpopi, anaimika botolo pa sinki ndi kadontho kake, anapukuta manja pa siketi nkupita akumasula mabatani mnjira.